KUWAWA KWA MTENGO NDICO CIDA CACE

Kwa inu eni nyumba ndi eni mbumba a ku Nkhoma, a ku Mitundu ndi a ku Nathenje.

Mwezi wa Seputembala ukafika, mvula ikali kutali, kwezani maso anu kuphiri la Nkhoma, ndipo mudzaona miombo ndi mitondo yotsalako iri kuphuka masamba atsopano, ofiira ndi anthete. Nthawi imeneyo udzu wauma kapena wapsa ndi moto, m'minda mulibe kanthu kobiriwira, ndipo masamba aja ndiwo cakudya cofewa cotsala m'dziko. Kodi munayamba mwadzifunsa cifukwa cace tizirombo sitiwatha onse? Mbuzi ikalumidwa ithawa, ng'ombe iri ndi mcira, munthu ali ndi dzanja. Koma mtengo uima pamalo pamodzi zaka makumi asanu, wopanda mwendo wothawira, ndipo mbozi, ziwala ndi nsabwe za m'masamba ziudzera caka ndi caka. Ukadakhala wopanda cida, m'dziko muno simukadatsala mthunzi.

Mau a kalata uyu ndi awa: mtengo uli nazo zida, ndipo zida zace ndizo mankhwala amene upanga wokha m'masamba, m'makungwa ndi m'mizu. Mwini nyumba wodziwa ici sadzadula mtengo wowawa cifukwa cakuti ulibe zipatso, ndiponso sadzathamangira kusitolo tsiku loyamba kuona mbozi m'munda mwace.

Tiyambe ndi cimene lilime lanu licidziwa kale. Lumani suku losapsa, kapena nthoci yaiwisi. Pomwepo m'kamwa mumangika, lilime likhakhala, malobvu atha. Cinthu cocita ici ophunzira acicha tanini, ndipo ndico comwe ciri m'makungwa amene anthu afufuta nao zikopa. Cicuruka m'mitengo yambiri ya m'chire mwathu. Utomoni wofiira wa mlombwa, uja wonga mwazi, uli naco cambiri. M'kamwa mwa munthu cigwira malobvu, koma m'mimba mwa mbozi zambiri cibvulaza matumbo ndi kucepetsa cilakolako ca kudya, kotero kuti mbozi ikula mocedwa. Musayese ici cinthu cacing'ono. Mbozi yocedwa kukula ikhala masiku ambiri poyera pa tsamba, ndipo masiku onsewo mbalame ziri kuyang'ana. Mtengo suyenera kupha mdani wace ndi dzanja lace. Ungomcedwetsa kufikira wina adzamtola.

Mitengo ina iri ndi utomoni woyera wonga mkaka, monga nkhadze, kacere, mkuyu ndi papaya. Mbozi ikaluma tsamba, utomoni uturuka, numata kukamwa kwace. Wa papaya uli ndi mphamvu yofewetsa nyama, monga adziwa amai amene akulunga nyama yolimba m'tsamba lace, ndipo mphamvu yomweyo iononga m'mimba mwa mbozi. Za nkhadze sitidzacurutsa mau, pakuti amene anadontheredwa utomoni wace m'diso saiwala.

Ndipo iripo mitengo yokhala ndi ululu weniweni. Woposa yonse m'mbiri ya dziko lino ndiwo mwabvi, umene makolo anamwetsa anthu oganiziridwa ufiti, kufikira boma linaletsa mwambo umenewo ndi lamulo la caka ca 1911. Ululu wa m'khungwa lace ugwira mtima. Koma taganizani: mtengo umene uja unamera m'mbali mwa mitsinje zaka zosawerengeka pasanakhale mlandu wa munthu ali yense. Sunapange ululu wace kuti uweruze mfiti. Unaupanga kuti cirombo cofuna kuudya cileke. Cifukwa cace unapha wocimwa ndi wosacimwa pamodzi, popeza ululu sudziwa mlandu.

Tsono tifike pa cinthu cimene makolo sanathe kuciona ndi maso, ndipo ndico codabwitsa koposa. Kupanga mankhwala kudya mphamvu ya mtengo, monga kusula mikondo kudya nthawi ya mudzi. Cifukwa cace zomera zambiri sizisunga zida zao zonse masiku onse, koma zionjeza pamene nkhondo yafika. Inu alimi a fodya a ku Mitundu mucidziwa ici ndi manja anu, cinkana simunacichule dzina. Ululu wa fodya, wochedwa nikotini, upangidwa m'mizu, nukwera kumasamba. Mukathyola nsonga ya fodya, ululu ucuruka m'masamba otsala, ndipo tsamba likhala laukali. Comeraco sicidziwa kuti wacibvulaza ndi mwini munda. Ciyesa kuti mdani wadza, nicionjeza cida.

M'caka ca 1972 ophunzira awiri a ku America, Green ndi Ryan, anaonetsa kuti tsamba limodzi la matimati kapena la mbatata ya kacewere likalumidwa ndi kacirombo, masamba ena a comera comweco, angakhale osakhudzidwa, ayamba kupanga mankhwala oletsa cakudya kugayika m'mimba mwa kacirombo. Mbiri ya bala iyenda m'thupi lonse la comera. M'caka ca 1983 ena anapeza kuti timitengo tosalumidwa, tokhala pafupi ndi tinzace tong'ambidwa masamba, tinaonjezanso mankhwala ao, monga ngati tamva pfungo la bala la mnansi. Ndipo m'caka ca 1990 Ted Turlings ndi anzace anaonetsa cinthu cokhudza nkhokwe yanu. Cimanga cikadyedwa ndi mbozi, malobvu a mbozi alowa pabala, ndipo cimanga cituruka pfungo lina limene siciturutsa cikangong'ambidwa ndi mphepo. Pfungo limenelo liitana timabvu tating'ono, tina tocepa kuposa njere ya mpunga, tosaluma munthu. Timabvuto tiikira mazira m'thupi la mbozi, ndipo ana ace aidya ya moyo kufikira ifa. Mbozi imene anayesa nayo ndiyo mbale wace wa nchemberezandonda imene itibvuta lero. Pambuyo pace kwapezeka kuti mitengo yambiri icita comweco.

Imani pamenepa, muganize bwino. Comera cobvulala ciitana thandizo, monga mudzi uomba mfuu ukaona fisi m'khola. Koma oyankha mfuuyo akhala kuti? Timabvu tija tikakula tidya timadzi totsekemera ta m'maluwa a zitsamba ndi mitengo ya m'malire a munda. Mbalame zodya mbozi zimanga zisa m'mitengo, mileme igona m'mitengo, nyerere ndi akangaude abisala m'zinyalala za pansi pace. Yendani tsono pa mseu wocokera ku Nathenje kunka ku Mitundu, muwerenge mitengo ya m'malire a minda. Yambiri inapita ku zigafa za fodya, ku mauvuni a njerwa ndi ku makala, ndipo yotsala ndiyo mango ndi ya kumanda. Munda wopanda mtengo m'mbali mwace uli ngati mudzi wa pawokha: cimanga cipfuula, koma palibe wakumva.

Cimene citanthauza ici tinaciona kale. Nchemberezandonda ya mtundu watsopano, yocokera ku America, inaoneka mu Africa m'caka ca 2016, ndipo m'dzinja la 2016 ndi 2017 inali m'minda ya Malawi. Mu Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi cifukwa ca mbozi imeneyi. Ambiri a inu mukumbukira cimanga cobooka masamba, ndi ndowe zonga utuci m'kati mwa nsonga yace, ndi ndalama zimene zinathera ku mabotolo a mankhwala.

Koma wina adzati, Ngati mitengo iri ndi zida zotere, nanga matondo akhuta bwanji pa mtondo, kufikira ife tiwatola ndi kuwadya? Funso ili nlabwino, ndipo yankho lace ndi ili: nkhondo imeneyi njakale lomwe, ndipo mbali zonse ziwiri zacenjera. Mtundu uli wonse wa mbozi unazolowera ululu wa mitengo yowerengeka, nukhala ndi mimba yotha kuusungunula; ukauika pa mtengo wina ufa ndi njala tsamba liri pakamwa. Ziripo mbozi zina zimene ziyamba zaluma mtsempha wa tsamba kuti utomoni ukhe, ndipo pambuyo pace zidya mbali youma. Nunkhadala acita coposa apa, pakuti adya zomera zaululu, nasunga ululu m'thupi mwace, nabvala maanga owala kuti mbalame imdziwe ikali patali. Cida ca comera casanduka cace. Cotero palibe mtengo wogonjetsa tizirombo tonse, ndipo amene akuuzani kuti tsamba lakuti lipha ciri conse akunamizani. Koma ici comwe ndico citipatsa mwai: ululu umene mbozi ya pa mtengo wina inauzolowera, nsabwe ya pa nyemba zanu siinauzolowere. Munthu akhoza kubwereka cida ca mtengo, nakamenyera nkhondo m'munda mwace.

Wodziwika m'maiko onse pa nchito iyi ndiwo nimu, wocokera ku India. M'caka ca 1959 Heinrich Schmutterer, wa ku Germany, anaona dzombe liri kutha zobiriwira zonse ku Sudan, koma nimu linausiya. M'caka ca 1968 mankhwala ace anapatulidwa m'njere, nachedwa azadirachtin. Sapha msanga, aletsa kacirombo kudya, naletsanso kufundula khungu, ndipo mbozi yosafundula siikula. Koma nimu ukonda dziko lotentha monga Salima ndi Chikwawa, ndipo kuno kumtunda ukula mocedwa. Umene ambiri auyesa nimu m'midzi mwathu ndiwo ndya, mbale wace. Masamba a ndya nawonso aingitsa tizirombo, koma zipatso zace zacikasu zipha nkhumba, ndipo zikhoza kupha mwana. Muusunge, koma usakhale pafupi ndi khola kapena pabwalo losewerera ana.

Woyenera dziko lathu lino ndiwo mthuthu, umene ena aucha ombwe. Ndiko kamtengo kakang'ono, kotalika monga munthu kapena kuposerapo, ka masamba aubweya ndi zikhokhombe zonga za nandolo. Makolo anausinja ndi kuuthira m'maiwe kuti nsomba ziyandame. Mcitidwe umenewo lamulo liuletsa, ndipo liletsa bwino, pakuti upha nsomba zazikuru ndi ana ace omwe. Musaucite mu Linthipe kapena mu Diamphwe. Koma ululu wopha nsombawo, wa mtundu wa rotenoni, mthuthu unaupangira tizirombo todya masamba ace. Uletsa thupi la kacirombo kugwiritsa nchito mpweya umene kapuma. Aphunzitsi a ku Bunda, pafupi ndi Mitundu pomwepa, pamodzi ndi anzao a ku Tanzania ndi a ku England, anayesa madzi a zomera zisanu ndi cimodzi pa nyemba, khobwe ndi nandolo, nalengeza zopeza zao m'caka ca 2018. Pakati pa zomerazo panali mthuthu, deliya, futsa ndi cisoso. Anapeza kuti mankhwala a kusitolo apha tizirombo tambiri koposa, inde; koma zokolola za m'minda yothiridwa mthuthu zinayandikira zokolola za m'minda yothiridwa mankhwala ogula, ndipo akangaude ndi tizirombo tina todya tinzace tinatsala ta moyo. Pamwamba pa izi mthuthu uli wa banja la nyemba, ndipo ubwezera conde m'nthaka.

Tsono ena a inu mudzapukusa mitu, ndi kunena, Ife tinayesa mthuthu, ndipo sunacite kanthu. Sitikutsutsani, pakuti kapena munena zoona. M'caka ca 2012 Philip Stevenson wa ku Kew, ku London, ndi anzace analengeza kuti mthuthu uli wa mitundu iwiri yofanana maonekedwe, wina wokhala ndi ululu uja, wina wopanda. Anatola masamba m'malo 13 m'Malawi muno mmene alimi aubzala, napeza kuti pafupi mtengo umodzi mwa inai uli wa mtundu wopanda ululu. Wotere ukometsa nthaka, koma kacirombo sikauopa. Mlimi amene anapatsidwa mbeu ya mtundu umenewo anasinja, nasefa, nathira, nataya nchito yace cabe. Ndipo pobwerera anauza mudzi wonse kuti mankhwala a masamba ngonama. Colakwa sicinali ca mlimi, kapena ca nzeru ya makolo, koma ca mbeu.

Popeza maso sangathe kusiyanitsa mitundu iwiriyi, yesani mtengo wanu musanaukhulupirire. Tengani mabotolo awiri oyera, muike m'botolo liri lonse khobwe wodzaza dzanja pamodzi ndi anankafumbwe amoyo khumi, mutseke ndi kansaru. M'botolo limodzi thirani ufa wa masamba ouma a mthuthu wanu, linalo mulisiye. Pakapita masiku atatu kapena anai, khuthulani muwerenge akufa. Mukapeza mabotolo onse awiri ali cimodzimodzi, mtengo umenewo ngwa manyowa okha. Funani mbeu kwa mnansi amene mtengo wace waonetsa mphamvu, ndipo mudzi wonse utenge mbeu kumeneko. Nchito iyi njoyenera mwana wa sukulu, ndipo adzaikonda.

Kakonzedwe kace nkotere. Thyolani masamba, muwayanike pamthunzi, si padzuwa ai, pakuti dzuwa liononga mphamvu yace. Akauma, sinjani, musunge ufa m'thumba m'malo amdima. Tsiku lofuna kuthira likayandikira, bvikani kilo imodzi ya ufa m'malita 10 a madzi, ndiko kuti makilo awiri pa ndowa ya malita 20, muonjeze sopo pang'ono, wonga masupuni ang'ono awiri pa malita 10. Sopoyo aturutsa mankhwala m'tsamba, nathandiza madzi kumamatira pa mbeu. Zikhale usiku wonse, ndipo m'mawa musefe ndi nsaru kuti zisatseke mpope. Thirani madzulo dzuwa litapendeka, pansi pa masamba pomwe, ndi kubwereza sabata ndi sabata pamene tizirombo tiripo. Apa ndipo ambiri alephera. Athira kamodzi, naona m'mawa nsabwe zina zikali kuyenda, nataya mtima. Mankhwala a mtengo acita monga mtengo womwe ucita: afoketsa ndi kucedwetsa, ndipo atha msanga padzuwa. Kutha msangako ndiko kupulumutsa timabvu tija, ndi njuci, ndi ana anu akudya ndiwo.

Komatu musanyengedwe ndi mau akuti ca m'chire sicipweteka. Mwabvi nawo ngwa m'chire. Posinja mthuthu mangani nsaru kumphuno ndi kukamwa, ndipo mtondo wosinjira usakhale wa cimanga. Sambani m'manja mukatha, musatsukire ndowa kumtsinje kapena pafupi ndi dziwe la nsomba, ndipo ndiwo zamasamba zothiridwa zikhale masiku angapo zisanathyoledwe, ndi kutsukidwa bwino. Madzi a fodya, amene ena athira m'madimba, apha mbozi ndithu, koma alowa pakhungu la munthu, ndiponso atengera nthenda ya fodya ku matimati, tikulangizani muwaleke.

Sitinena kuti mankhwala a kusitolo alibe malo. Ciripo caka cimene mbozi zidza ngati nkhondo ya Angoni, ndipo mwini nyumba wosacita kanthu adzagona ndi njala. Pamenepo pitani kwa mlangizi wa zaulimi, mugule botolo lotsekedwa, la dzina ndi malangizo olembedwa, muthire muyeso wace. Cimene titsutsa ndico cizolowezi ca kugula timadzi topanda dzina totsanuliridwa m'timabotolo pa tsiku la msika, ndi kuthira munda wonse cifukwa ca mapesi asanu obooka. Wocita ici apha mbozi za lero pamodzi ndi adani ao. Ndipo popeza mbozi ziswana msanga kuposa adaniwo, zibwera zoyamba, nizipeza munda wopanda mlonda. Yendani m'munda mwanu kawiri pa sabata cimanga cikali cacing'ono, musuzumire m'nsonga, muphwanye mazira ndi timbozi ndi zala. Mukapeza mbozi yofa yokha, ndi timatumba toyera tonga njere za mpunga pambali pace, musatiphwanye: amenewo ndiwo ana a mabvu, asilikari anu.

Mvula yoyamba ikagwa caka cino, bzalani mthuthu woyesedwa m'malire a munda wa cimanga ndi nyemba, ndi kuseri kwa nkhokwe. Mukamalambula, siyani zitsa za mitengo yacibadwidwe zimene ziri kuphukira m'malire, muzitengulire kuti zikule. Ndipo ici cikhale cogwirizana ca mbumba yonse, pakuti mtengo wa m'malire uli ndi eni awiri, ndipo nkhwangwa ya mmodzi ikwanira kuugwetsa. Cinthu cimodzi cokha mucenjere naco, inu a fodya makamaka: mizu ya mthuthu isunga tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene titupitsa mizu ya fodya ndi ya matimati. Musaubzale pa nazale, kapena pa munda umene mufuna kuokapo fodya caka ca mawa.